Mchere ndi Nsapato za Akulu Anga

Nsapato zoyamba kuvalidwa ndi munthu wamkazi m'mudzi mwathu zinali za akulu anga. Mudziwo unali kuseri kwa Mwaladzi, ulendo woti ukanyamuka kukucha umafika dzuwa lisanakhale pamutu. Zaka zimenezo, za m'ma 1950, mkazi ankabadwa, kukwatiwa, mpaka kuikidwa m'manda phazi lake lisanadziwe china koma dothi ndi minga. Amuna ena ankavala nkhwayira zodula kumatayala. Ife akazi tinali ndi ming'alu m'zidendene yoti ungabisemo njere ya mapira, ndipo palibe ankaona ngati ndi vuto.

Anazibweretsa ndi alamu anga, amuna awo a akulu angawo. Anali mkamwini pakhomo pathu, munthu wochokera cha ku Chifunde, wamtali, wa mawu ochepa, woti ukawafunsa kanthu ankayamba akanda kumutu asanayankhe. Chaka china anapita kukagwira ntchito m'minda ya fodya kutsidya kwa malire, kudzera ku Kasakatiza. M'mawa wa tsiku lonyamuka anatengera mkazi wawo kuseri kwa nkhokwe, anagwada, n'kuwayeza phazi ndi luzi kuchokera kuchidendene kufika kuchala chachikulu. Anamanga mfundo, luzilo n'kulipindira m'thumba. Ankayesa palibe akuwaona. Ine ndinali m'nkhokwe momwemo ndikutapa chimanga, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva kuti mkamwini wa kwathu amagwadira mkazi. Masiku amenewo pakamwa panga sipankagona nkhani.

Anabwerako chilimwe chotsatira. Anzawo amene anapita nawo kufodya anamasula mitolo n'kutulutsa mabulangete ndi mapoto, iwo anatulutsa bulangete limodzi ndi nsapato zija. Zinali zachikopa chofiirira, zofewa ngati khutu la mbuzi, zopanda chakumbuyo, zoti umangolowetsa phazi n'kumapita. Pamwamba panali lamba mmodzi wotambalala wodutsa pamsana pa phazi, ndi kachitsulo kokhala ndi kalilime komwe umalowetsa pabowo limene lakukwana. Mabowo anali asanu. Phazi la akulu anga linakwana pabowo lachiwiri.

Akazi a m'mudzi sanawalekerere. Akamafika kuchitsime wina ankayamba, "Patukani, adona akudutsa." Wina n'kuwonjeza kuti tsopano madzi azitungiridwa ndi antchito. Akulu anga ankangoseka. Anali munthu woseka ndi thupi lonse, ndipo nsapatozo ankazikonda mopanda manyazi. Akakumana ndi munthu wamkulu panjira ankazivula asanagwade, kungosolola mapazi osawerama n'komwe, chifukwa kupereka moni utavala nsapato kunali chipongwe. Pamtsinje ankazisenza pamutu. Madzulo ankazipukuta ndi kansanza konyowetsa mafuta a nsatsi n'kuzipachika padenga pothawa chiswe. Tsiku lina anandipeza nditazivala ndikuzungulirazungulira m'nyumba. Sanakalipe. Anangoti, "Vula, iwe. Ukadzakula alamu ako adzakuyeza nawenso." Mvula yoyamba isanagwe anali atatenga pakati, mimba yawo yoyamba.

Ine ndinakula mvula ili pakati, mwezi wa njala, ndipo sindinauze munthu. Ndinali ndi zaka mwina khumi ndi zinayi. Ndinaona magazi ndili kudimba, ndinadziwa chimene chinali, ndinang'amba chitenje chakale n'kukhala chete. Chifukwa chake chinali sikola, monga tinkatchulira sukulu potengera Chipwitikizi. Tinkaphunzira m'kachisi wa udzu, ophunzitsa tinkawatcha apolofesolo, ndipo ndisaname, mutu wanga unkagwira kuposa wa anyamata onse a mmenemo. Apolofesolowo anali atanena kuti atsikana awiri okhoza bwino adzawatumiza kumishoni kukaphunzira kwa asisiteri. Koma mtsikana wolowa chinamwali cha kumudzi sankabwereranso pabenchi. Komanso panali bambo wina wofedwa mkazi, wa njinga ndi mano anayi, amene anali atauza kale atsibweni anga kuti akudikira ndikule. Ndinkati ndikamuona akutsamiritsa njingayo pamtengo wa pakhomo pathu, ndinkazemba n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Ndiye ndinaganiza kuti ndibise mpaka chaka cha sikola chithe. Miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ndinkadziona wochenjera kwambiri.

Chimene sindinachiwerengere ndi mchere. Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana mwana wosakula kuti amuthirire. Akathira yekha, odya ndiwozo amagwidwa mdulo: miyendo imatupa, nkhope imatupa, munthu amafooka mpaka kufa. Mdulo womwewo, ankatero akuluakulu, umagwiranso mkazi wapakati ngati mwamuna wake wayenda ndi mkazi wina. Zimenezi sindinachite kuuzidwa. Mwana woitanidwa kudzathira mchere uja, zaka zonsezo, ndinali ineyo. Amayi, azakhali, ngakhale akazi a nyumba zoyandikana ankangoti, "Iwe, bwera udzandithirire," ine n'kuthamanga.

Chaka chimenecho amayi ankakhala kumunda wa thonje kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chifukwa boma linkakakamiza nyumba iliyonse kulima thonje ndipo kapitawo ankayendera mizere ndi chikoti. Akulu anga fungo la ndiwo linkawasanzitsa. Wophika ndinatsala ine, ndikaweruka kusikola. Tsiku loyamba lija ndinaima ndi chigoba cha mchere m'manja, mphika wa nkhwani ukuwira. Panja ana a azakhali ankasewera. Ndikanangoitana mmodzi. Koma mtsikana wosakula saitana mwana kudzathira mchere, ndipo ndikanatero nkhani ikanafika kwa amayi ndiwo zisanapse. Ndinatsina mchere, ndinathira, ndinatakasa. Tinadya tonse. M'mawa mwake aliyense anadzuka bwinobwino, ndipo mumtima ndinati, zonsezi n'zongoopseza ana. Mwezi wotsatira ndinathiranso.

Mimba itakula nsapato zinaleka kulowa popanda kumasula lamba, ndipo poti akulu anga sankathanso kuwerama, lambayo ndinkawamangira ine. M'mawa wina, mvula itangoleka, anati, "Zandithina lero. Tasunthira patsogolo." Ndinasunthira pabowo lachitatu. Tinaseka kuti mwanayo akunenepetsa amayi ake mpaka kumapazi. Sipanathe masabata awiri, bowo lachinayi. Pamenepo ine kuseka kunandithera. Ndinkati ndikamasula lamba madzulo, pamsana pa phazi pankatsala mzere wakuya, ndipo ukadina ndi chala pakakolo pankatsala dzenje lochedwa kubwerera. Bowo lachisanu tinalifika chimanga chikuuma. Ine ndi amene ndinkagwira mapaziwo tsiku ndi tsiku, ine ndi amene ndinkawerenga mabowo, ndipo ndinkadziwa chimene ndinathira m'ndiwo.

Mabowo atatha alamu anaika msomali pamoto n'kuboola lachisanu ndi chimodzi kunsonga kwenikweni kwa lamba. Nalonso linakana. Anatenga kachikopa ka mbuzi, anakafewetsa, n'kulumikiza lamba aliyense ndi ulusi wa gonje. Zinaoneka zonyansa, nsapato za kusitolo zokhala ndi chigamba cha mbuzi, koma akulu anga anati popanda izo nthaka inkawabaya ngati aponda pazitsotso za mapira. Alamu akusoka anayankhula osadzutsa mutu. Anati kuminda ya fodya anaonako mkazi wa mnzawo atatupa chonchi, ndipo anamuthandiza kuchipatala. Anati ku Mwaladzi, kuposito, kumaofesi a boma, kuli munthu wa mankhwala, angomunyamula mkazi wawo apite naye. Amayi anayankha ali m'nyumba, poti apongozi ndi mkamwini sankayang'anana. Anati mwana wa eni sanyamulidwa ngati thumba la mtedza, nkhani ya mimba ili ndi eni ake.

Eni akewo anali anamkungwi, amayi awiri achikulire oyang'anira za uzimayi m'mudzimo. Anabwera m'mawa wina, anakhala pamphasa, anadina mapazi a akulu anga, anawayang'ana zikope ndi zala za m'manja, kenako anayang'anana okhaokha. Wamkulu wa iwo anati, "Uwu ndi mdulo. Mwana uyu wadulidwa." Ena mwa akazi amene anaunjikana pakhomo anayamba kunong'ona kuti ndi nsapato zija, kuti phazi lomangidwa silipuma. Namkungwiyo anawadula mawu, anati nsapato sizitupitsa nkhope. Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Amaphika ndani pakhomo pano?"

"Mng'ono wakeyu," anatero amayi.

"Mchere amathira yekha?"

Ine ndinali nditakhala pafupi ndi mtondo. Namkungwiyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anaima pachifuwa. Ndikanatsegula pakamwa pamenepo. Koma amayi anayankha msanga, "Uyu ndi mwana. Sanakule." Namkungwi anagwedeza mutu n'kundichotsa maso. Panatsala njira imodzi yokha, ndipo onse anatembenukira kukhola, kumene alamu ankakonza mpanda.

Kuyambira tsiku limenelo munthu uja anasanduka galu pakhomo. Atsibweni anawaitana katatu pansi pa mtengo kuti aulule mkazi amene anayenda naye, chifukwa mankhwala a mdulo sagwira ntchito wolakwa asanavomere. Katatu konse anakana. Anati, "Ine sindinachite kanthu. Ndiloleni ndipite naye kuposito." Atsibweni anati mkamwini asamakule mwendo, ayambe waulula, za kuposito zibwera pambuyo. Akazi ankalavula alamu akamadutsa. Nsapato zija zinasanduka umboni. Ankati mwamuna wogulira mkazi zinthu zotere amakhala akuphimba kanthu, mwamuna wabwinobwino amabweretsa khasu. Akazi omwewo amene ankazisirira kuchitsime. Akulu anga okha ndi amene anaima nawo. Anatupa nkhope mpaka maso kuchepa, koma ankati, "Amuna anga ndimawadziwa. Musiyeni munthu." Ndipo m'mawa uliwonse ankanditambasulira mapazi kuti ndiwaveke, anthu aone.

Musaganize kuti ndinalibe mtima. Ndinayesa njira zanga zauchitsiru. Mwezi utandipezanso ndinaphika ndiwo zopanda mchere, amayi analawa n'kundiponyera chipande, anati kodi sikola yandidya mutu. Tsiku lina ndinanamizira kupsa dzanja kuti aphike azakhali. Ndinkapemphera m'kachisi mpaka mawondo kuchita zipsera, koma kwa apolofesolo sindinanene, chifukwa akanandiuza kuti mdulo kulibe ndipo ine ndinkauona ndi maso anga, ndinkaugwira ndi manja. Kamodzi ndinatsatira alamu kudimba nditatsimikiza kuti lero ndinena. Ndinawapeza atakhala pachitsa, khasu lili pansi. Atandiona anamwetulira, anati, "Mlamu, wabwera kudzandilavulira nawenso?" Ndinati ayi, ndabwera kudzathyola nkhwani. Ndinathyoladi nkhwani n'kubwerera. Ndinkaopa bambo wa njinga, ndinkaopa kutaya sikola, koma tsopano ndinkaopa china choposa pamenepo: kuti mudzi wonse udzanditcha mtsikana amene anadula mkulu wake.

Thonje litayamba kuphulika m'minda, m'mawa wina akulu anga anadzuka akuti mutu ukung'ambika ndipo akuona tinthu towala m'maso. Ndinawaveka nsapato, ndinawagwira mkono kuti akakhale padzuwa. Tisanafike pamphasa anagwa. Thupi lonse linayamba kugwedezeka, nsagwada zinalumana, thovu linatuluka kukamwa. Ndinakuwa mpaka anthu anathamanga kuchokera kuminda. Patapita kanthawi anatsitsimuka, ali wefuwefu, lilime litalumika. Anawagoneka pakhonde. Anthu anadzaza bwalo, ndipo atsibweni anaimiritsa alamu pakati.

Alamu anayang'ana mkazi wawo pakhondepo nthawi yaitali. Kenako anafunsa atsibweni, "Ndikavomera, mundilola ndimunyamule lero lomwe?"

"Ukavomera, amwa mankhwala, ndipo upite naye kumene ukufuna."

"Ndavomera. Ndinayenda ndi mkazi wina."

Pabwalo panamveka kung'ung'udza kwa anthu okhutira. Koma namkungwi wamkulu uja sanali wopusa. Anafunsa kuti liti, ndipo kuti. Alamu anakanda kumutu, anati kuminda ya fodya. Namkungwi anati zimenezo n'zakale, mimba inali isanakhale, sizingadule munthu lero. Alamu anakandanso kumutu. Anati, "Ku Mwaladzi. Tsiku lija ndinapita ndi nkhuku kukantina."

Tsiku limenelo ndinkalidziwa bwino, chifukwa ndinapita nawo. Ananditenga poti ndinkatha kuyankhula Chipwitikizi ndi mwini kantina, sitolo ya kumeneko. Tinanyamuka limodzi, ine nditasenza dengu la nkhuku, tinasinthitsa ndi sopo ndi mchere, tinadya chinangwa pansi pa mtengo, tinabwerera limodzi dzuwa likupendeka. Sanachoke pamaso panga ngakhale kupita kuthengo. Atsibweni nawonso anakumbukira. Anatembenukira kwa ine.

"Iwe, si unali naye tsiku limenelo?"

Alamu anandiyang'ana. Maso awo ankandipempha kuti ndisawatsutse, kuti machila anyamuke. Zimenezo n'zoona, ndipo kwa zaka zambiri ndinkabisala kuseri kwa maso amenewo, kumadziuza kuti ndinangochita zimene iwo ankafuna. Bodza. Panali mawu ena amene akananyamutsa machila omwewo, mwinanso msanga: ndine ndinathira mchere. Ndinali nawo pakamwa. Ndinati, "Anandisiya pakhonde la kantina. Anachokapo kanthawi."

Akulu anga anali maso. Anamva zonse. Mawu a amuna awo mwina akanawakayikira, chifukwa ankadziwa kuti munthuyo angadzipereke kuti iwo apulumuke. Koma anga sakanawakayikira. Sanalire. Ndinapita kukagwada pafupi nawo pamene anamkungwi ankasakaniza mankhwala m'chikho, ndipo anandiuza motsitsa, lilime likuwalemera, "Ndivule." Ndinayesa ngati sindinamve. Anabwereza, "Ndivule zinthuzi." Lamba anali atalowa m'mnofu. Ndinavutika kutulutsa kalilime kachitsulo pabowo, zala zanga zikuterera, mpaka zinavuka. Anatembenukira kukhoma.

Anawanyamula pamachila a nsungwi ndi bulangete lija, amuna anayi akusinthana. Alamu anagwira kutsogolo njira yonse osalola kulandiridwa. Ine ndi amayi tinkatsatira ndi madzi. Kuposito munthu wa mankhwala uja anakalipa kuti tachedwa, anawabaya jakisoni, n'kutitulutsa tonse kupatula amayi. Mwana anabadwa tsiku lotsatira masana, wamwamuna, wakufa kale. Akulu anga anapulumuka. Masiku anayi alamu anakhala panja pansi pa mtengo wa mango, ndipo nthawi iliyonse amayi akatuluka alamuwo ankatuma ine kukafunsa ngati angalowe. Yankho linali limodzi. Akulu anga anati sakufuna kuwaona.

Titabwerera kumudzi mlandu sunatenge nthawi. Munthu anavomera yekha pamaso pa anthu, mwana wafa, kunalibenso chokambirana. Atsibweni anawatulutsira panja khasu lawo, nkhwangwa ndi mphasa. Alamu anayesa kunena kuti anavomera chabe pofuna kupulumutsa moyo. Atsibweni anaseka mowawa, anati, "Nanga mwanayu, nayenso ananama?" n'kundiloza ine. Alamu anandiyang'ananso. Ulendo uno maso awo ankapempha china, kuti tsopano machila anapita, ndinene zoona. Ndinayang'ana pansi. Anadikira pang'ono, anamanga katundu wawo ndi luzi, anagwira njira ya ku Chifunde. Podutsa pamene ndinaima anangoti, "Tsala bwino, mlamu. Uziwasamala akulu ako." Sindinawaonenso. Ena ankati anabwerera kufodya, ena ankati anagwidwa chibalo chokonza misewu.

Nsapato zija akulu anga anati zitayidwe kudzala. Sizinatayidwe. Akazi awo a atsibweni, omwe ankalavula kwambiri kuposa onse, anazitola, anadula zigamba za mbuzi zija, n'kumapita nazo kutchalitchi Lamulungu lililonse, khosi lili gwa. Akulu anga akawaona akubwera ankalowa m'nyumba. Kuseka kwawo kuja kunatha. Anakwatiwanso patapita zaka, anabereka ana atatu, koma anakhala munthu wosakhulupirira mwamuna aliyense, ndipo ana awo aakazi anawalera ndi mawu amodzi, akuti mwamuna akakugulira chinthu chokongola uyambe wafunsa chimene walakwa. Ndili mayi wamkulu kale, mpongozi wanga anatupa chimodzimodzi, anamwino anati ndi kuthamanga kwa magazi kumene kumagwira akazi ena pamimba yoyamba, popanda wolakwa aliyense. Ndinamva, ndinavomera. Sizinandipeputse mtima ngakhale pang'ono. Kaya mcherewo unadula munthu kaya sunadule, zimene ndinanena pabwalo paja ndinazinena ine.

Koma ndibwerere kumasiku omwe aja, chifukwa ndinaulula ndithu, kwa munthu mmodzi. Panali patapita sabata alamu atachoka. Tinali kumunda ine ndi amayi, tikuthyola thonje, aliyense mzere wake, dzuwa lili pamutu. Ndinali nditasiya kudya. Ndinaona kuti ndikapanda kunena ndiphulika. Ndinasiya thumba, ndinapita pamzere wawo, ndinagwada.

"Amayi, ndili ndi mawu."

"Nena uku ukuthyola. Kapitawo ali pafupi."

"Ine ndinakula kalekale, mwezi wa njala. Ndinabisa. Mchere ndinkathira ndekha. Ndipo ku Mwaladzi kuja alamu sanachoke, ndinanama."

Ndinadikira kuti andimenye. Ndinkafuna andimenye. Amayi sanaleke kuthyola. Anachotsa thonje m'makoko atatu, anaponya m'thumba, kenako anati, "Tinsanza tako unkatiyanika m'mapesi kuseri kwa khola. Ndinatiwona mwezi wachiwiri."

Ndinawafunsa ngati ankadziwa tsiku lija anamkungwi anafunsa za mchere. Anati eya. Ndinafunsa chifukwa chake sanandiletse kuthira. Anati ankayesa ndi zachibwana, kuti ndidzatopa n'kubwera ndekha, ndipo pomwe mapazi ankayamba kutupa madzi anali atafika kale m'khosi. Ndinati nanga alamu, munthu wosalakwa uja. Apo ndi pamene anaweramuka n'kundiyang'ana, maso ali ofiira ndi fumbi.

"Unkafuna ndipereke ndani? Iye ali ndi kwawo, wapita. Iwe ukanapita kuti? Ukanakhala pano mpaka imvi, mudzi wonse ukukuloza kuti ndi uja anapha mwana wa mkulu wake. Ndipo mkulu wakoyo wataya mwana, wataya mwamuna. Ukufuna atayenso mng'ono wake?"

Ndinati ndikawauza ndekha akulu anga. Amayi anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka makoko a thonje amene anali nawo anandibaya.

"Ukatero undiike kaye m'manda ine. Wamva? Nkhani iyi yathera m'munda muno." Anandisiya, anaweramanso. Kenako anawonjeza, mawu atatsika, ngati akundituma kuchitsime: "Mwezi ukubwerawu ukaona, udzabwere kwa ine pamaso pa azakhali ako, udzanene ngati n'koyamba. Udzachite mantha. Udzalire pang'ono, atsikana amalira."

Patatha masabata awiri ndinapita kwa amayi, azakhali ali pomwepo akusenda chinangwa, ndinagwada n'kunena mawu aja. Azakhali analulutira. Akulu anga anatuluka m'nyumba akutsimphina, mapazi asanaphwe bwino, anandikumbatira, anati, "Usaope, mng'ono wanga, si matenda." Kulira sindinachite kuyesezera. Analephera kunditonthoza mpaka anayamba kundiseka kuti sanaonepo namwali wamantha chonchi.